Makanema a ukwati tsopano akuuluka pa Ludzi

Ife kuno ku Ludzi timajambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya, ndipo makanema onse timasunga pa kompyuta yakale ya Linux yomwe tinaisandutsa seva. Kale, kukoka kanema pa sevayo kuti tiyambe kumukonza chinali chintchito. Unkadina, n'kupita kukatereka tiyi, pobwerako kamzere kosonyeza pomwe kanema wafika kangosuntha pang'ono. Mayi wina wa ku Kamwendo anadikira kanema wa mwana wake mpaka kutopa, nati, "Achimwene, basi ndidzabwera Loweruka."

Vuto loyamba linali waya. Waya wa netiweki ali ndi timawaya 8 m'kati mwake. Liwiro la 100 Mbps limangofuna timawaya 4, koma gigabit imafuna tonse. Kamodzi kanali katamasuka kumutu, ndiye makinawo anangotsika okha pa 100, osadandaula. Tinapana mutu wina, n'kuchotsanso switch yakale yomwe sinkadziwa n'komwe za gigabit.

Lachiwiri linali pa Samba, pulogalamu yomwe Andrew Tridgell anayamba ku Australia kuti makina ngati athuwa azigawana mafayilo ndi Windows. Yathu inkalankhulabe SMB1, njira yachikale yotumiza tizidutswa ting'onoting'ono, n'kumadikira yankho pafupipafupi. Kuli ngati kututa mtedza wa m'munda wonse ndi manja pomwe thumba lilipo. Microsoft inabweretsa SMB2 mu 2006, SMB3 mu 2012, ndipo Samba yeniyeniyo inasiya kuyatsa SMB1 mu 2019. Tinaika Samba yatsopano, n'kukonza fayilo yake ya smb.conf kuti SMB1 isayandikirenso.

Abale inu! Fayilo ya gigabyte imodzi, yomwe inkadya mphindi imodzi ndi theka zinthu zikakhala bwino, tsopano imatera m'masekondi pafupifupi 10. Mnyamata wathu wokonza makanema anakoka fayilo yomweyo kachiwiri, osakhulupirira maso ake, kenako anakuwa, "Bwana, yalowa kale!" Tinaseka mpaka anthu odutsa panjira anasuzumira pakhomo.

Pali njira ina yowonjezera liwiro, youza seva kuti izivomera kuti yasunga isanalembe pa disiki. Imeneyo ndinaikana. Kuno magetsi amatha kuzima osatsanzika, ndipo ukwati wa munthu sujambulidwa kawiri. M'malo mwake tinagula UPS, batire yoti seva isazime magetsi akathima.

Masiku ano tikajambula ukwati Loweruka, Lolemba madzulo eni ake amakhala akuonera kunyumba, azakhali akululutiranso.