Limba Lodziimbira Lokha

Limba lotchedwa Pianola linayamba kugulitsidwa ku America m'chaka cha 1898. Mwini wake aponda zopondera ziwiri, ndipo mivukuto ikoka mpweya. Pepala loboolaboola liyenda pamwamba pa chitsulo cha mabowo. Bowo likatseguka, mpweya ulowa, kanyundo nkumenya waya wake.

Patsogolo pali tizitsulo togwira ndi zala: kena kafulumiza kapena kuchedwetsa nyimbo, kena kabweza pepala, kena kachepetsa mawu.

Limba lakale likakhala chete, kawirikawiri mpweya ukulowera posayenera, popeza nsalu ya mivukuto yang'ambika ndipo timapaipi tamphira tauma. Mmisiri aika zatsopano, namata ndi guluu wa zikopa, amene amatuka ndi madzi otentha. Guluu wosamatuka ang'amba matabwa tsiku lokonzanso.