Kumene Apaulendo Ankadyera mu Chipata

Ana inu a m'masukulu a ku Kasenengwa ndi madera onse ozungulira Chipata, pamodzi ndi aphunzitsi anu, phunziro lathu la lero likhudza cinthu cimene aliyense wa inu acidziwa bwino, ndico nsima. Koma sitikamba za nsima imene amai anu aphika kunyumba. Tikamba za nsima yogula, ndi za tinyumba timene anthu ankaigulamo mu Chipata, timene tambiri mwa ito lero kulibe.

Yambani mwaganizira funso ili: kodi mlendo akafika pamudzi panu dzuwa litapendeka, mumamlipiritsa cakudya? Yankho mulidziwa. Amampatsa madzi osamba m'manja, namuikira nsima, ndipo kumfunsa ndalama kungakhale manyazi aakulu kwa mudzi wonse. Paja akulu amati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Nayenso munthu wopita kutali sankadalira kugula. Ankanyamula kamba, ndiye kuti cakudya ca paulendo: mbatata zophika, nshawa zokazinga, cimanga cokazinga, kapena cikondamoyo. Tsono nsima yogula inayamba pamene anthu ambiri anayamba kusonkhana pamalo pamene panalibe abale ao. Malo otere kuno kwathu anali Fort Jameson.

M'caka ca 1898 asilikali a azungu anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo mu 1899 boma linakhazikika pamalo pamene pali Chipata lero. Analicha Fort Jameson, ndipo linali likulu la dziko la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911. Boma linadza ndi msonkho, msonkho nufuna ndalama, ndipo ndalama zinacotsa amuna m'midzi. Ena anagwira nchito m'minda ya fodya ya azungu, ena anayenda pansi kupita ku migodi ndi mapulazi a ku Southern Rhodesia. Ca m'ma 1905 amalonda a ku India, makamaka a ku Gujarat, anayamba kufika kudzera ku Nyasaland, namanga masitolo kumene lero timati ku Down Shops. Munthu wa pamudzi wodza kudzapereka msonkho, kudzagula nsalu ndi mcere, kapena kudzamvera mlandu, ankatha tsiku lonse m'tauni. Kamba akatha, njala siidikira kuti ufike kwanu.

Koma si khomo lililonse limene linali lotseguka kwa iye. M'masiku a utsamunda, mahotela ndi malo odyera a azungu sankalola munthu wakuda kukhala pansi ndi kudya, ndipo m'masitolo ambiri a dziko lino munthu wakuda ankagulira pa kazenera ka kumbali. Lamulo loletsa kusankhana mitundu m'malo odyera ndi m'nyumba za kanema linadza mocedwa zedi, mu 1960, patangotsala zaka zinai kuti tilandire ufulu. Motero anthu athu anadzipangira malo ao: amai ophika nsima pamsika, ndi tinyumba ta tiyi timene tinkachedwa matiirumu.

Pano ndifuna kuti muone tiirumu ndi maso a m'mtima, pakuti ambiri a inu simunailowe. Inali kanyumba ka cipinda cimodzi, ka njerwa kapena ka dothi, kofolera ndi malata kapena udzu. M'kati munali tebulo lalitali ndi mabenci awiri. Pakona panali ketulo yaikulu yosacoka pamoto kuyambira mbandakuca. Tiyi ankamwera m'makapu acitsulo, otentha kotero kuti wosazolowera ankayamba wauzira kanthawi asanaike mlomo. Pambali pa tiyi panali masikono, mabanzi, kapena vitumbuwa, ndipo munthu wa nchito yolemetsa ankanyema banzi lonse ndi kuliviika m'kapu. Matiirumu ambiri sankadziwika ndi cikwangwani ai. Anthu ankangochula dzina la mwini wake, kapena mtengo umene unali pakhomo, ndipo aliyense ankadziwa kumene akunena.

Dzuwa likafika pamutu inali nthawi ya nsima. Wophika ankavundula mphika waukulu ndi mthiko, naomola mitanda ndi cipande. Mtengo wa mbale sunkayendera nsima koma ndiwo: nyemba, kapenta ndi nkhwani wotendera zinali zochipa, nkhuku ya pamudzi ndi nyama ya ng'ombe zinali za amene wangogulitsa kumene nshawa zake za Chalimbana. Pakhomo panali beseni la madzi osamba m'manja. Mfumu ya mudzi, mesenjala, mlimi ndi woyendetsa lole ankakhala pa benci limodzi, ndipo nkhani zinkayenda ndi nsima: mtengo wa fodya, maliro a uje, mvula ya ku Chadiza, mlatho umene wakokoloka. Munthu wosadziwa kuwerenga ankaturuka m'menemo atamva zonse za m'nyuzipepala. Kwa amalonda a ku India nako tinatengako kanthu. Samusa imene lero muigula pa geti la sukulu inacokera m'makhichini ao.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, dzina la Fort Jameson linacoka, tauni nichedwa Chipata. Mu Januwale 1968 ndalama nazo zinasintha: mapaundi ndi mashelengi analowedwa m'malo ndi kwaca ndi ngwee. Paundi imodzi inali makwaca awiri, ndipo sheleni imodzi inali ngwee 10. Agogo anu akakuuzani kuti anamwa tiyi wa tiki kapena wa susu, dziwani kuti akunena za masiku a ndalama zakalezo.

Zaka zimenezo mfumu ya mseu inali basi ya kampani ya boma, United Bus Company of Zambia, imene tonse tinkangoti UBZ. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita oposa 550, kudzera ku Katete, Sinda, Petauke, Nyimba ndi pa mlatho wa Luangwa. Mabasi anali owerengeka, apaulendo ali ambiri. Munthu ankatha kugona pa siteshoni usiku umodzi kapena uwiri kudikira malo. Kudikira kumeneko, ngakhale kunali kowawa, ndiko kunkadyetsa ophika. Munthu wodikira amadya katatu pa tsiku, ndipo amadyera pafupi kuti basi ingamsiye. Cimodzimodzi alimi odza ndi ngolo za ng'ombe kudzagulitsa mbeu: ankamasula ng'ombe, nayembekeza sikelo, nafuna nsima.

Kenaka kunadza zaka zovuta. Mtengo wa mkuwa, umene dziko lathu linkadalira, unagwa ca m'ma 1975, ndipo m'zaka za m'ma 1980 shuga, mafuta ophikira, sopo ndi ufa wa tirigu zinkasowa. Ife amene tinali ana nthawi imeneyo tikumbukira kutumidwa m'mamawa kukaima pamzere pa sitolo ya boma, osadziwa n'komwe cimene cabwera. Ganizani tsono za mwini tiirumu. Tiyi wopanda shuga agula ndani? Banzi lopanda ufa wa tirigu aliphika bwanji? Ena anatseka. Ena anacenjera, nabwerera ku zakudya za makolo: mbatata, cinangwa, vitumbuwa va ufa wa cimanga, ndi thobwa m'malo mwa zakumwa za m'mabotolo. Kunena zoona, ophika amene anapulumuka zaka zimenezo ndi amene ankagula kwa alimi a pafupi, osati amene ankadikira lole yocokera ku Lusaka.

Kusintha kwakukulu kunadza pambuyo pa masankho a 1991, pamene boma latsopano linamasula malonda. Katundu anadzaza m'masitolo. UBZ inatha mu 1995, ndipo m'malo mwake munalowa mabasi a anthu wamba, ambiri ndi othamanga. Caka comweco masitolo a Shoprite a ku South Africa analowa m'dziko lino, ndipo patapita zaka zowerengeka anafika ndi ku Chipata. Kunabwera nkhuku za pa famu zokula m'masabata ocepa, ndi cipisi cokazinga m'mafuta ambiri, cokulunga m'pepala kuti munthu adye akuyenda.

Apa mpamene pagona yankho la funso lakuti, kodi matiirumu anapita kuti? Palibe amene anawathamangitsa tsiku limodzi. Anafota pang'onopang'ono cifukwa anthu analeka kudikira. Basi yonyamuka m'mamawa ifika ku Lusaka tsiku lomwelo. Mlimi wa ku Kasenengwa akwera njinga, njinga yamoto kapena galimoto, agula feteleza, nabwerera kukadya kwao. Nkhani zimene ankazimvera pa benci lero azimvera pa wailesi ndi pa foni. Cifukwa cina ndi malo. Tauni ikakula, malo a pakati amakwera mtengo, ndipo kanyumba ka tiyi kamagwetsedwa kuti pamangidwe sitolo yaikulu. Chipata inalengezedwa kukhala mzinda mu Febuluwale 2017, ndipo mu 2018 Kasenengwa inapatulidwa kukhala boma palokha, kotero kuti zina zimene makolo anu ankapitira ku Chipata tsopano zifunidwa kufupi. Cifukwa cotsiriza ncomvetsa cisoni: malonda otere ankakhala m'manja mwa munthu mmodzi. Mwini wake akakalamba kapena kumwalira, ana ake amene anawaphunzitsa ndi ndalama za tiyi yemweyo anali atakhala kale aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki, ndipo panalibe wobwerera ku ketulo.

Musaganize kuti zonse zakale zinali zabwino. Beseni lija la pakhomo, limene anthu makumi awiri ankasambamo m'manja madzi osasintha, linali njira ya matenda. Nyama inkakhala tsiku lonse popanda firiji, ndipo nchenche sizinkasowa. Matenda a kolera amene anavuta dziko lino mu 2017 ndi 2018, ndiponso kuciyambi kwa 2024, anacititsa kuti masukulu acedwe kutsegulidwa, monga ena a inu mukumbukira. Ncifukwa cake khonsolo imafuna kuti wophikira anthu akhale ndi cilolezo, madzi abwino ndi cimbudzi, ndipo kusamba m'manja kwa masiku ano nkothirirana madzi ndi sopo. Pamenepo tapita patsogolo ndithu. Koma cimene ine ndiona kuti tataya ndi ici: mwini tiirumu ankamdziwa wogula wake. Ankadziwa mudzi wake ndi mfumu yake, ndipo ankatha kumpatsa nsima pa ngongole kufikira atagulitsa mbeu. Pa kauntala ya cipisi palibe amene angakufunseni kuti kumudzi kwaca bwanji.

Komabe nsima yogula siinafe. Pitani ku msika wa Kapata kapena ku Saturday Market nthawi ya masana, mudzapeza amai akuomola mitanda monga kale, ndi anyamata opalasa njinga zonyamula anthu akudya mofulumira kuti abwerere pamseu. Pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, kumapeto kwa Febuluwale, misasa ya ophika imamera ngati bowa cifukwa kwa masiku ocepa anthu zikwizikwi amakhalanso kutali ndi kwao. Ndipo mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba magetsi nazima maola ambiri, ophika a pambaula sanaleke nchito ngakhale tsiku limodzi cifukwa ca magetsi.

Tsono nayi nchito yanu. Mbiri ya tinyumba timeneti ili m'mitu ya agogo anu, ndipo iwo akukalamba. Sabata ino aliyense apeze munthu wamkulu amene anapitako ku Fort Jameson kapena ku Chipata ali wacinyamata. Mukhale pansi mwaulemu, ndipo mumfunse kuti: Munapita caka citi, ndipo munayenda bwanji? Munadyera kuti, ndipo malowo anali pafupi ndi ciani? Munadya ciani, ndipo munalipira zingati? Nanga pamalopo pali ciani lero? Lembani mayankho monga momwe awanenera, osasintha mau ao.

Aphunzitsi, mayankho akabwera, jambulani pa bolodi mapu a Chipata oonetsa Great East Road, mseu wa ku Mwami, Down Shops ndi msika wa Kapata, ndipo ana aike cizindikiro pamalo paliponse pamene agogo achula. Ana a Giredi 6 angathe kusandutsa mitengo ya mashelengi kukhala ngwee, pokumbukira kuti sheleni imodzi inali ngwee 10. Agogo awiri akatsutsana za malo amodzi, musasankhe mmodzi. Lembani zonse ziwiri, ndipo mapepalawo muwasunge m'kabati ya sukulu.