Njinga yoyamba: funsani msewu musanafunse mtengo

Aliyense amene anatsikapo sitima ya Ilala pa doko la Nkhata Bay amadziwa kuti tauniyi inamangidwa pa zitunda. Mukangochoka pagombe msewu umayamba kukwera, kaya mukulowera ku Chikale, kaya ku Mkondezi kumene kuli chipatala cha boma, kaya mukupitirira mpaka ku Mzuzu. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Mzuzu ali pa mamita oposa 1,200, ndipo pakati pa malo awiriwa pali makilomita osakwana 50. Tatenga dera limeneli ngati poyesera chifukwa njinga imene ingapirire kumeneko siingakuvuteni kwina kulikonse m'dziko muno.

Ambiri a ife ophunzira timatumizidwa ku zipatala ndi kusukulu zakutali kukayeserera ntchito, ndipo ndalama ya minibasi tsiku ndi tsiku imapweteka m'thumba. N'chifukwa chake ganizo logula njinga yakapalasa limabwera. Vuto ndi lakuti wogula koyamba amayang'ana utoto ndi mtengo basi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Njinga yotsika mtengo kwenikweni ndi imene ikugwirizana ndi msewu wanu, komanso imene mungathe kuikonzetsa pafupi ndi kwanu.

Mitundu itatu imene timaiona

Woyamba ndi njinga yakuda yachitsulo, ya giya imodzi, imene akabaza amakonda. Zambiri zimachokera ku India ndi ku China. M'gulu lomweli muli Buffalo, imene kaliyala yake inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 100. Njinga zotere n'zolimba ndipo wokonza njinga aliyense amazidziwa, koma n'zolemera. Pa chitunda chachitali mudzatsika n'kumakankha.

Wachiwiri ndi mountain bike, ya matayala onenepa ndi magiya ambiri. Imakwera bwino ndipo siopa msewu wafumbi, koma pa phula imadya mphamvu chifukwa matayala ake amagwira pansi kwambiri.

Wachitatu ndi njinga yampikisano, yopepuka, ya matayala owonda ndi chiwongolero chopindikira pansi. Pa phula palibe yoiposa, ndipo ndi imene achinyamata ambiri amaisirira. Zatsopano n'zodula kwambiri, choncho ambiri a ife timazipeza pa kaunjika. Apa m'pamene pafunika maso.

Werengani mano a magiya

Njinga ili ndi mano malo awiri: kutsogolo pa mapedulo ndi kumbuyo pa tayala. Mukagawa mano akutsogolo ndi akumbuyo mumadziwa kuti tayala lizungulira kangati mukapalasa kamodzi. Mwachitsanzo, njinga ya giya imodzi yokhala ndi mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo imayenda mamita oposa 5 pa kupalasa kumodzi. Pamalo athyathyathya zimenezi n'zabwino, koma pokwera zikutanthauza kuti mwendo wanu ukunyamula thupi lonse mtunda wautali nthawi imodzi.

Njinga zampikisano zakale zambiri zili ndi mano 52 ndi 42 kutsogolo, ndipo dzino lalikulu kumbuyo silipitirira 24 kapena kuyandikira pamenepo. Giya yake yofewa kwambiri imayendabe mamita pafupifupi 3.7. Zinapangidwira anthu ozolowera mpikisano, osati woyamba kumene. Zamakono zambiri zimakhala ndi 50 ndi 34 kutsogolo, ndipo kumbuyo zimafika 32. Pamenepo kupalasa kumodzi ndi mamita 2 ndi pang'ono chabe, ndiye kuti mukhoza kukwera mutakhala pa chishalo, mukupuma bwinobwino. Choncho musafunse kuti magiya ndi angati. Gwadani pansi, muwerenge mano a gudumu laling'ono kutsogolo ndi lalikulu kumbuyo. Manambala awiriwo akayandikana, njingayo idzakukwezani ku Mzuzu.

Nambala ya pa tayala

M'mbali mwa tayala lililonse muli nambala yosonyeza kukula kwa rimu m'mamilimita. Njinga zakuda zachikale zambiri zimalembedwa 635, mountain bike ya mainchesi 26 imalembedwa 559, yampikisano yamakono 622, ndipo ina yakale ya mainchesi 27 imalembedwa 630. Msampha uli apa: tayala la 635 ndi la 622 onse nthawi zina amatchedwa 28, koma limodzi silingalowe pa rimu ya linzake. Musanapereke ndalama, lembani nambalayo, muyende nayo m'masitolo a zipangizo za njinga pa boma ndi ku Mzuzu, mufunse ngati tayala ndi chubu za saiziyo zimapezeka. Akakuuzani kuti mpaka aitanitse ku Lilongwe, dziwani kuti tsiku lina njingayo idzagona m'nyumba mwezi wathunthu chifukwa cha chubu chimodzi.

Onaninso kunenepa kwa tayala. La mamilimita 23 limaphulika msanga likagunda dzenje. La 28 kapena 32 limapirira, ndipo limalola kupatukira ku msewu wadothi. Chinanso ndi pamene timapopera mpweya: njinga zampikisano zambiri zili ndi valavu yowonda yotchedwa Presta, imene pampu wamba siigwira popanda kachitsulo kolumikizira.

Mabuleki ndi mvula

Chitunda chimene mwakwera mudzatsikanso. Msewu wochokera ku Mzuzu uli ndi makona ambiri, ndipo mumadutsana ndi malole ndi maminibasi. Boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa madera amene amalandira mvula yambiri m'Malawi, ndipo rimu yachitsulo yonyezimira ikanyowa mabuleki amachedwa kugwira. Rimu ya aluminiyamu imagwira bwino pamvula. Poyesa njinga, finyani buleki iliyonse payokha n'kuikankha. Tayala liime nji, chogwirira chisanakhudze chiwongolero. Chinyezi cha kunyanja chimadyanso tcheni ndi mawaya, choncho kabotolo ka oyilo kakhale m'bajeti yanu.

Kuyesa njinga yakaunjika

Yambani ndi felemu, chifukwa zina zonse zimasinthika. Yang'anani polumikizira paliponse ngati pali mng'alu kapena utoto wokwinyika, chimene chimasonyeza kuti njingayo inagundapo. Felemu yachitsulo ikathyoka owotcherera zitsulo a pamsika akhoza kuilumikiza. Ya aluminiyamu imafuna makina apadera, ndipo ya carbon musaiganizire n'komwe ngati njinga yoyamba. Kenako nyamulani tayala lililonse, mulizungulitse, muone ngati likuyenda mowongoka komanso ngati masipoko onse alipo. Kokani tcheni pa gudumu lalikulu lakutsogolo: chikanyamuka mpaka mano kuonekera, chatha. Mano osongoka ngati minga nawonso atha.

Saizi ya njinga ikhale yanu, osati ya wogulitsa. Imani njingayo ili pakati pa miyendo. Pakhale mpata pakati pa inu ndi chitsulo chapamwamba. Mukakhala pa chishalo n'kuika chidendene pa pedulo lili pansi, mwendo uwongoke. Njinga yaikulu kapena yaing'ono kwambiri imapweteketsa maondo ndi msana, ndipo pamapeto pake imangokhala pakhonde.

Pitani ndi wokonza njinga amene mumamukhulupirira, ngakhale mumulipire kangachepe. Ndipo pemphani lisiti kapena kalata yogulitsirana yolembedwa nambala ya felemu, pali mboni. Njinga zakuba zimagulitsidwa motchipa, koma mwini wake akaizindikira mudzataya njinga ndi ndalama zomwe.

Musathere ndalama zonse pa njinga

Sititchula mitengo pano chifukwa chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya katundu wochokera kunja siikhazikika. Chimene tinganene n'chakuti posunga ndalama muwerengeretu chisoti choteteza mutu, loko, pampu, chubu chapadera, zomatira, belu, ndi nyali yakutsogolo ndi yakumbuyo. Njinga yakaunjika nthawi zambiri imafunanso mabuleki ndi mawaya atsopano sabata yoyamba. Ngati ndalama zanu zikungokwanira njinga yokha, tsikirani ku yotchipirapo kapena dikirani mwezi wina.

Mukaigula, musathamangire ku Mzuzu tsiku loyamba. Yambani ndi maulendo afupiafupi m'mamawa dzuwa lisanawawe, mukuyenda kumanzere kwa msewu ndi kuzolowera kusintha giya chitunda chisanayambe. Miyendo ikalimba, loweraniko kumwera pa msewu wa M5, kudutsa minda ya raba ya Vizara mpaka ku Chintheche, ulendo wa makilomita pafupifupi 40. Mukabwerako maondo osadandaula, mwakonzeka kuyang'anana ndi chitunda cha ku Mzuzu.