Kumvetsera Mwana wa Sukulu

Mwana akayamba kujomba kusukulu, pamakhala chifukwa. Mwina ndi njala, mwina maliro, mwina akumenyedwa kunyumba. Mlangizi woona za ana sayamba ndi kukalipa, chifukwa mwana wamantha sanena zoona. Amakhala naye pansi poduka mphepo, nkumufunsa modekha kuti, "Chakuvuta nchiyani, mwanawe?"

Mwana akangoti duu, mlangizi amadikira. Akalira, amamuleka alire. Samuseka, ndipo saulula nkhani yake kwa anthu wamba. Koma ngati mwanayo akuzunzidwa, amamuuza mosabisa kuti adziwitsa apolisi kapena aimba nambala yaulere ya 116.

Kenaka amacheza ndi makolo ndi aphunzitsi mwaulemu, osadzudzula munthu pagulu. Nanga inu makolo, mwamumvetsera mwana wanu lero?