Gwero la Ziphuphu Ndi Mahomoni, Osati Uve

Pa achinyamata 100 alionse a zaka zapakati pa 12 ndi 24, pafupifupi 85 amatuluka ziphuphu pa nthawi ina, ndipo kafukufuku wa matenda padziko lonse wa mu 2010 anaika vutoli pa nambala 8 mwa matenda ofala kwambiri. Komabe m'makomo ambiri mnyamata kapena mtsikana wa ziphuphu amauzidwa kuti sasamba bwino kumaso, kapena kuti amadya mtedza wambiri. Anzake enanso amamunamiza kuti zidzatha akayamba kugonana. Bodza limeneli silinachizepo munthu, koma likhoza kumubweretsera mimba yosayembekezera kapena kachilombo ka HIV.

Chiphuphu chimayambira mkati mwa khungu. Pansi pa kabowo kalikonse komwe kumamera cheya pali kathumba kotulutsa mafuta amene amafewetsa khungu kuti lisaume. Timatumba timeneti n'tochuluka kumaso, pachifuwa ndi kumsana, koma m'manja ndi kumapazi mulibe, n'chifukwa chake palibe amene anaonapo chiphuphu pachikhatho. Mafuta akachuluka amasakanikirana ndi khungu lakufa n'kutseka kabowoko. M'menemo mumaswana mabakiteriya otchedwa Cutibacterium acnes, amene amakhala pakhungu la munthu aliyense osavutitsa. Thupi likayamba kulimbana nawo, malowo amatupa ndi kuchita mafinya. Ngakhale kadontho kakuda ka pamwamba pa ziphuphu zina si litsiro ayi, koma mafuta ndi khungu lakufa zimene zada chifukwa chokhudzana ndi mpweya.

Chimene chimalamula kuchuluka kwa mafutawa ndi gulu la mahomoni otchedwa androgen, ndipo yodziwika kwambiri ndi testosterone. Anthu amawatcha mahomoni achimuna, koma akazi nawonso ali nawo. Amapangidwa m'machende, m'timatumba ta mazira ndiponso m'tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Mwana akamayandikira kutha msinkhu mahomoniwa amakwera, timatumba ta mafuta timakula, ndipo nkhope imayamba kunyezimira. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa anthu a ziphuphu akayezedwa magazi, mahomoni awo amapezeka ali pa mlingo wabwinobwino. Kusiyana kwake n'kwakuti khungu lawo limamva msanga mphamvu ya mahomoniwo, ndipo khalidwe limeneli limayendera m'magazi: mwana wa makolo amene anavutika ndi ziphuphu kawirikawiri amavutika nazonso.

Kwa amayi nkhaniyi siithera pa unyamata. Ambiri amatuluka ziphuphu patatsala masiku ochepa kuti ayambe msambo, makamaka kuchibwano ndi m'nsagwada. Jakisoni wolera wa miyezi itatu ndiponso timapulasitiki tolera toika pamkono zimaonjezera ziphuphu mwa amayi ena, pamene mapiritsi olera okhala ndi mahomoni awiri nthawi zambiri amazichepetsa. Mayi woona zotere ayenera kukambirana ndi azaumoyo za njira ina, osati kungosiya kulera. Ndipo ngati ziphuphu zikudza limodzi ndi ndevu, kunenepa ndi msambo wodumphadumpha, n'kutheka kuti pali matenda a timatumba ta mazira amene amachulukitsa androgen, ndipo pafunika kupimidwa.

Zakudya zili ndi mbali yake, koma yaing'ono kuposa mmene anthu amaganizira. Umboni ulipo wokhudza zakudya zokweza shuga m'magazi msanga, monga zakumwa zotsekemera ndi buledi woyera, komanso mkaka mwa anthu ena. Mtedza umangonyamula mlandu wa eni. Nkhawa, mafuta olemera odzola m'mutu amene amatsikira pamphumi, ndi mankhwala ena monga isoniazid wa chifuwa chachikulu ndi phenytoin wa khunyu, nazonso zikhoza kuutsa ziphuphu. Amene akumwa mankhwala otere asawasiye pa chifukwa cha nkhope.

Vuto lalikulu m'chigawo chino cha Africa limadza chiphuphu chikapola. Pakhungu lakuda chimasiya banga lodera limene limatha miyezi yambiri lisanazimiririke, makamaka ngati munthu anachifinya kapena kuchikwecha ndi mwala. Mabanga amenewa ndiwo amathamangitsira ambiri ku mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika. Ena mwa mafutawa ali ndi mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol ndi betamethasone. Masiku oyamba nkhope imaoneka yosalala, koma pambuyo pake khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ndipo pamatuluka ziphuphu zambirimbiri zofanana kukula kwake. Ena ali ndi hydroquinone, amene akadzoledwa kwa nthawi yaitali amadetsa khungu mosachiritsika msanga. Dziko la South Africa linaletsa mankhwalawa m'zodzoladzola mu 1990, koma mafuta otere amadutsabe m'malire mozemba.

Chithandizo chenicheni n'chosasangalatsa kwenikweni chifukwa chimafuna kudekha. Kusamba kumaso kawiri patsiku ndi sopo wosawawa n'kokwanira. Kukwecha kumangoonjezera kutupa. Mankhwala odzola monga benzoyl peroxide ndi adapalene amatsegula timabowo ndi kuchepetsa kutupa, koma pamatha masabata 6 mpaka 12 munthu asanaone kusintha, ndipo ambiri amagwa ulesi nthawiyo isanakwane. Ziphuphu zikuluzikulu zopweteka, zimene zimasiya zipsera, zimafunika dokotala, yemwe angapereke doxycycline kwa miyezi yowerengeka. Mankhwala amphamvu koposa ndi isotretinoin, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito ku United States mu 1982 ndipo amafotetsa timatumba ta mafuta. Amenewa amapundula mwana wosabadwa, motero mayi woyembekezera saloledwa kuwamwa, ndipo amene angathe kutenga pathupi amayamba wayezedwa ndi kupatsidwa njira yolera yodalirika.