Mlandu wa Florida ndi Michigan

Aŵerengi, lamulo likaswedwa ndi atsogoleri, kodi chilango chigwere anthu wamba? Funso limeneli linasautsa chipani cha Democratic ku America m'chaka cha 2008, pamene Bambo Barack Obama ndi Mai Hillary Clinton ankalimbirana kuimira chipanicho pa mpando wa Pulezidenti.

Kumeneko chigawo chilichonse chimachititsa chisankho chachipulula, chimene chimapatsa opikisana nthumwi zokaŵavotera ku msonkhano waukulu. Atsogoleri a Michigan ndi Florida anaika chisankho chawo mu Januwale, pamene lamulo la chipani linati adikire 5 Febuluwale. Chilango chake, analandidwa nthumwi zonse. Mai Clinton, amene anapambana konseko, anafuna kuti mavotiwo aŵerengedwe. Komatu ku Michigan Bambo Obama anali atachotsa dzina lawo pa pepala lovotera.

Pa 31 Meyi komiti ya malamulo inagamula kuti nthumwizo zipite, koma iliyonse ikhale ndi theka la voti. Za ku Michigan inazigaŵa motere: Mai Clinton 69, Bambo Obama 59. Otsatira maiwo anang'ung'udza kwambiri.

Mavoti athunthu anabwezedwa mu Ogasiti, Mai Clinton atagonja kale. Chifundo sichivuta mpikisano ukatha. Woweruza amayesedwa mlandu ukadali wotentha.