Apilo pa mlandu wothyola nyumba: zomwe timamva ndi zomwe zilipo

Mnyamata akangogamulidwa kuti akakhale kundende chifukwa chothyola nyumba, abale amatuluka m'khoti la majisitireti akutonthozana kuti, "Musalire mayi, tichita apilo, mlanduwu ukayambiranso." Ine ndimawamvetsa. Kumudzi nkhani ikakanika kwa nyakwawa timapita nayo kwa gulupu, ndipo kumeneko aliyense amafotokozanso mbali yake, mboni zimayankhulanso. Munthu wokulira m'mabwalo oterewa salakwa kuganiza kuti makhoti a boma amateronso.

Komatu khoti lalikulu, kaya ku Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, ntchito yake pa apilo ndi kuwerenga. Woweruza amatsegula failo yomwe majisitireti analemba, n'kufufuza ngati panali cholakwika: kodi umboni unali wokwanira, kodi lamulo linatsatidwa, kodi chilango chikugwirizana ndi mlandu. Umboni watsopano amaulola mwa apo ndi apo, pakakhala chifukwa chomveka. Choncho mboni ija tinaisunga kuti "tidzaitulutsa pa apilo" nthawi zambiri sipeza mpata woyankhula.

Ena amalimba mtima ponena kuti mwana wawo sanathyole kanthu, loko ali bwinobwino, zenera silinasweke. Apa chotisokoneza ndi chilankhulo chathu chomwe, chifukwa tikamva "kuthyola" timaona chitseko chogumuka. Lamulo la milandu la Malawi, pa gawo 308, limaona mwina. Kukankha chitseko chotseka ngakhale chosakhoma, kapena kutsegula zenera, ndi kuthyola kale. Kulowetsa dzanja lokha kapena waya wokokera zovala kumawerengedwa kuti munthu walowa. Gawo 309 ndi lomwe limanena za nyumba yokhalamo anthu, ndipo zikachitika usiku makhoti amauona mlanduwo molemera. Koma ngati chitseko chinali chotsegula kale, nkhani imasintha, ndipo imeneyo ndi mfundo yoti loya aione bwino.

Nanga mawu aja akuti "palibe amene anamuona"? Ndi mawu achilungamo ndithu, poti tinaleredwa kuti osanamizira munthu chinthu chomwe sunachione ndi maso. Koma akuba sayenda ndi nyali. Munthu akapezeka ndi wailesi kapena foni yobedwa patangopita masiku ochepa, n'kulephera kufotokoza zomveka za momwe anaipezera, khoti limaloledwa kuganiza kuti iyeyo ndi amene anaba, kapena kuti analandira akudziwa kuti n'zakuba. Pomwe apilo imakhala ndi mphamvu ndi pamene munthuyo anafotokoza zomwe zikhoza kukhala zoona, monga kuti anagula pamsika, koma majisitireti sanaziganizire n'komwe.

Chikhulupiriro chomwe chimandipweteka mtima ndi chakuti apilo imadikira ndalama. Banja limayamba kugulitsa mbuzi, kudikira fodya kapena m'bale wa ku Johannesburg kuti atumize kenakake, uku masiku akutha. Lamulo limafuna kuti chidziwitso cholembedwa chakuti munthu akufuna kuchita apilo chiperekedwe pasanathe masiku 10, ndipo zifukwa zake zimatsatira m'masiku 30. Wochedwa amayenera kupempha chilolezo ndi kufotokoza chomwe chinamuchedwetsa. Tinazolowera kuti chilichonse cha kukhoti chimafuna loya wolipidwa, n'chifukwa chake timadikira. Chonsecho mkaidi akhoza kupereka apilo yake kudzera kwa mkulu wa ndende, a Legal Aid Bureau alipo kuti athandize osowa ndalama, ndipo gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limapatsa woimbidwa mlandu ufulu wokadandaula ku khoti lapamwamba.

Palinso chiyembekezo chakuti apilo ikangolowa, munthu abwera kunyumba kudzadikira. Timatero pokumbukira kuti asanagamulidwe anali pa belo. Nthawi imeneyo lamulo linkamuona ngati wosalakwa. Tsopano khoti lamupeza wolakwa, ndipo belo wodikira apilo amaperekedwa pazifukwa zapadera zokha.

Dziwaninso, anzanga, kuti woweruza wa khoti lalikulu ali ndi mphamvu yochepetsa chilango, kuchisiya momwe chilili, ngakhalenso kuchiwonjezera akaona kuti chinachepa. Ndipo amene anavomera yekha mlandu momveka bwino, khomo lomwe limamutsalira ndi lodandaula za chilango, ngati chinakula mopyola kapena chinaperekedwa mosemphana ndi lamulo. Apa ndi pomwe zimathandiza mfundo zomwe ambiri timaziona ngati zazing'ono: kuti ndi wachinyamata, kuti aka n'koyamba kupalamula, kuti sanavutitse khoti, kuti katundu anabwerera kwa mwini wake.